Chilombo cha m'phanga la Shimoni

Patapata inali kale m'manja, mkono nditaukweza. Pakanapanda mnyamata wotiperekeza uja kundigwira pachigongono, bwenzi lero ndikukusimbirani za chinthu chophwanyika chomatirira pakhoma la phanga, osati chamoyo chimene ndinachiyang'ana kwa theka la ola mpaka batire ya tochi kuyamba kufooka.

Kuti tifike kumeneko n'chifukwa cha ejenti wina wa ku Dar es Salaam. Sindimutchula dzina, akudzidziwa yekha. Ine ndi alamu anga tinapita kukatenga galimoto padoko, iye n'kumangoti "mawa bwana, mawa". Mawalo linakwana sabata, ndalama zikungothera ku chipinda chogona ku Kariakoo ndi tchipisi cha mazira. Alamu ndiye anati, "Bola ndalamazi zitithere tikuona dziko kusiyana n'kumawerenga malata a anthu." Tinakwera basi ya ku Tanga, m'mawa mwake n'kuwoloka malire pa Horohoro kulowa Lunga Lunga, mbali ya Kenya. Kakhadi kachikasu ka katemera musakasiye kunyumba, ife anatifunsa. Zapamsewu ndilibe nazo mawu ambiri: migwalangwa, kokonati, tulo. Pamphambano yolowera ku Shimoni tinatsika n'kukwera njinga zamoto. Wanjinga anayamba ndi mtengo wa azungu, koma atamva Chiswahili chothyokathyoka cha alamu anaseka n'kutsitsa ndi theka.

Shimoni ndi kamudzi ka asodzi m'dera la Kwale, kum'mwera kwa Mombasa, moyang'anana ndi chilumba cha Wasini. Dzinalo m'Chiswahili likutanthauza kuti "kudzenje", ndipo dzenjelo lilipodi, pakati penipeni pa mudzi. Alendo ambiri amangodutsa kuthamangira maboti opita ku Kisite kukaona ma dolphin. Ife za maboti zinatikanika m'thumba, tinasankha phanga. Amayang'anira ndi eni mudzi, ndipo mnyamata uja anatiuza kuti ndalama za pakhomo zimathandiza sukulu ndi kachipatala ka m'deralo. Apo sindinadandaule polipira.

Mumatsika masitepe pang'ono, kenaka mpweya umasintha. Chinyontho, fungo la zitosi za mileme, mizu ya mitengo ikulendewera kuchokera kudenga ngati zingwe. Mwalawo ndi wa korali wakalekale, wobowokabowoka ngati chisa cha njuchi. Mnyamata anatiwonetsa zitsulo zadzimbiri zokhomedwa m'khoma, nati apa ndi pamene ankamangirira akapolo podikira zombo zopita ku Zanzibar. Ndinakhala chete. Munthu wakwathu ukamva Zanzibar maganizo amathamangira ku Nkhotakota, kwa Jumbe, ndi anthu a m'mbali mwa nyanja yathu amene anayendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa. Ndinatsamira khoma kuti ndione bwino chitsulo chimodzi, ndipo ndi pamene china chake chinandisisita pakhutu. Mopepuka, ngati tsitsi la munthu.

Nditatembenuza tochi ndinachiona. Chaphwatalala ngati chapondedwa ndi galimoto, chamamatira mwala, miyendo ili tambalala mbali zonse, yamizeremizere yoderapo ndi yowalirapo. Kutsogolo chapinda manja awiri aminga ngati munthu wokwiya amene akudikira kuti umalize kulankhula. Ndiye panali tizingwe tiwiri tatitali, towonda ngati ulusi, kamodzi kakuloza kutsogolo, kena kakuzungulira pang'onopang'ono kubwerera kumene kunali khutu langa. Thupi lenilenilo silinali lalikulu, ngati chala chamanthu basi, koma kuchokera nsonga ya kachingwe aka kufika nsonga ya kenako, mbale ya nsima ikanachepa.

"Alamu, chinkhanira!" ndinakuwa.

"Chinkhanira chopanda mchira munachionapo kuti? Ameneyo ndi kangaude," anatero alamu, ali patali ndithu, kumbuyo kwa mnyamata.

Mnyamata uja, atanditsitsa mkono, anati si nge, si buibui, ndiye kuti si chinkhanira, si kangaude. Anaika chikhatho chake pafupi. Chilombocho chinamugunda ndi kachingwe kamodzi, kawiri, kenaka fyuu, chinathawa chammbali ngati nkhanu n'kulowa mumng'alu woti simungalowetsemo ngakhale ndalama yachitsulo. Titaunika bwino tinapeza kuti khoma lonselo ndi mudzi wawo. Ndinawerenga zisanu ndi ziwiri pamalo amene ndinatsamira paja.

Kusukulu ndinkakonda Biology ngakhale sinandikonde, choncho usiku umenewo, alamu akulimbana ndi mpunga wa kokonati ndi pweza, nyama ya m'nyanja imene azungu amati octopus, ine ndinali pa foni ndi zithunzi zanga. Asayansi gulu limeneli amalitcha Amblypygi, mawu a Chigiriki otanthauza "kumbuyo kobuntha", chifukwa chilibe mchira. Pa Chingerezi amati whip spider, kangaude wa zikoti, ena amati tailless whip scorpion. Maina onse awiri ndi onamiza. Ndi wachibale wa kangaude ndi chinkhanira, inde, koma ali ndi mbumba yakeyake, ya mitundu yoposa 200 m'maiko otentha. Alibe mbola, alibe ululu, saluka ukonde. Mphemvu kapena nkhululu akaipeza amangoikumbatira ndi manja aminga aja, nkhani yatha.

Alamu anakakamirabe. "Miyendo ingati? Ngati ndi isanu ndi itatu, ndi kangaude basi." Tinakulitsa chithunzi n'kuwerenga. Yoyendera inali isanu ndi umodzi. Alamu anati ndiye ndi kachilombo wamba ngati mphemvu. Ayi ndithu. Tizingwe tija ndi miyendonso, iwiri yoyambirira, imene inasiya ntchito yoyenda n'kusanduka ndodo ya wakhungu. Ili ndi timfundo tambirimbiri ngati bango, ndipo ndi imene amakhudzira ndi kununkhizira mumdima. Maso ali nawo, awiri pakati ndi atatuatatu m'mbali, koma m'phanga maso ndi katundu chabe. Ndiye kundisisita kuja sikunali kundiputa. Ankangofuna adziwe kuti chabwera pakhomo pakechi n'chiyani.

Kupeza gulu kunali kosavuta. Vuto linali dzina lenileni. M'mbali mwa nyanja ya Kenya ndi Tanzania mumapezeka awiri akuluakulu a banja limodzi la Phrynichidae. Wina ndi Euphrynichus bacillifer, wa manja ataliatali owonda ngati timitengo, minga ili kunsonga kokha. Winayo ndi Damon diadema, wa manja ojintcha, minga ndandanda, miyendo yamizere. Wathu uja anali wachiwiriyu. Anamupatsa dzina ndi Mfalansa wina katswiri wa akangaude, Eugène Simon, mu 1876. Chakachi chinandigwira mtima pang'ono. Msika wa akapolo ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873. Ndiye kuti pamene ku Ulaya ankakhala pansi kusankhira kachilombo dzina la Chilatini n'kulilemba m'buku kuti lisaiwalike, anthu amene anamangidwa pakhoma lomwe lija maina awo palibe anawalemba. Dzulo ndi lero zilombozi zili pomwepo, ndipo makolo awo ayenera kuti ankasisita makutu a anthu omangidwa aja ngati momwe anandichitira ine.

Koma musaganize kuti mizere ya m'miyendo ndiyo imathetsa mlandu. Damon diadema ali ndi mbale wake, Damon variegatus, wa kum'mwera kuno kwa Africa, ndipo amafanana moti ogulitsa tizilombo toweta ku Ulaya ndi ku America akhala akusokoneza maina awo kwa zaka. Inde, kuli anthu amagula zimenezi ndi ndalama n'kumaziweta m'galasi pabalaza. Alamu atamva anasiya kutafuna. Akatswiri enieni sadalira maonekedwe akunja. Amaika chilombo pansi pa maikulosikopu, n'kuwerenga minga ya m'manja, zigawo za mwendo wakumbuyo, timaubweya tina tapamwendo tomva kugwedezeka kwa mpweya, mpaka kuyang'ana ziwalo zoberekera. Peter Weygoldt wa ku Freiburg ku Germany, amene anathera zaka zambiri pa zilombo zimenezi, anaunikanso mtundu wonse wa Damon mu 1999. Mu 2005 iye ndi Lorenzo Prendini ndi Ward Wheeler anawonjezapo za DNA, n'kupeza kuti zina zimene zinkaunjikidwa pa dzina limodzi ndi mitundu yosiyana. Za ku Namibia zina zinalandira dzina lawolawo, Damon sylviae. Ine ntchito yowerenga ubweya wa pamwendo wa chilombo sindingaithe. Ndimalephera kuwerenga chenji cha minibasi.

M'mawa ndinabwereranso ndekha, alamu atakana kuti anaona zokwanira. Mnyamata uja ndinamupatsa ya fanta kuti tipite pang'onopang'ono, ndipo anandionetsa chimene dzulo lake tinachidutsa. Pansi pa shelefu ya mwala panali yaikazi, manja ake aafupi poyerekeza ndi aamuna, kumsana kwake kutadzaza tiana totuwa mobiriwira, tothinana ngati mpunga. Mazira amayenda nawo m'kathumba kunsi kwa mimba, akaswa tiana timakwera kumsana, iye n'kutibereka mpaka titafundula koyamba. Linda Rayor wa ku Cornell University anaonetsa kuti mwa Damon diadema mayi ndi ana amakhala limodzi kwa miyezi, akusisitana ndi zikoti zija. Ndinaona ina ya chikoti chimodzi chachifupi. Chinaduka, koma chidzamera ikadzafundula, pakuti izi zimafundulabe ngakhale zitakula, osati ngati akangaude ambiri.

Mukapita, tengani tochi yanuyanu, ya pafoni ndi yofooka ndipo mudzafuna foniyo pojambula. Valani nsapato zotseka, pansi pamaterera ndi zitosi za mileme. Musawalitse tochi pankhope pa chilombocho, chimathawa. Unikani pambali, chimakhazikika. Ndalama zachitsulo ndi zing'onozing'ono za Kenya sinthiranitu pamalire, chifukwa ku Shimoni aliyense amafuna M-Pesa, ndalama za pafoni, ndipo ife alendo tinalibe. Chimene chinandinyansa n'chakuti gulu la alendo ena linalowa likukuwa, kujambulana pa zitsulo za akapolo zija akumwetulira, wina mpaka kudzikoleka dzanja. Mnyamata uja anangoyang'ana pansi.

Ejenti anaimba tili m'basi yobwerera ku Tanga, ati galimoto yatuluka, tifulumire chifukwa ndalama yosungira ikukwera. Ndinatumiza chithunzi cha mayi wobereka ana uja kwa akazi anga pa WhatsApp. Yankho linabwera tisanafike pa Horohoro: "Bambo a ana, chikwama chanucho mudzachikutumulire panja, pageti. Chisalowe m'nyumba mwanga."