Dzina la Pilato m'chivomerezo chathu: zimene ndaphunzira za kusiyana kwa Chikhristu ndi zipembedzo zina

Funso limene takhala tikulimbana nalo teremu ino m'phunziro la zipembedzo za dziko lapansi ndi lakuti chikhulupiriro cha Chikhristu chimasiyana pati kwenikweni ndi zipembedzo zina. Ndine Mkhristu, ndipo ndikulemba ngati munthu amene nkhaniyi ikumukhudza, koma kuwerenga kwandionetsa kuti mayankho ambiri amene timapereka msanga tikafunsidwa funsoli salimba akaikidwa pambali pa zimene anthu a zipembedzo zinazo amakhulupiriradi.

Yankho lofala kwambiri ndi la makhalidwe, lakuti Chikhristu chimaphunzitsa chikondi ndi kuchitira ena zabwino. Izi n'zoona, koma si zathu zokha. Confucius wa ku China, amene anamwalira m'chaka cha 479 Khristu asanabadwe, ankaphunzitsa kuti munthu asachitire mnzake chimene iye mwini sangafune kuchitiridwa, ndipo Hillel, mphunzitsi wa Chiyuda amene anakhalako Yesu asanayambe kulalikira, ananena mawu ofanana ndi amenewa. Makolo athu nawonso sanadikire kuti amishoni a ku Scotland afike ku Cape Maclear m'chaka cha 1875 kuti adziwe kuti kuba n'koipa, kuti mlendo amalandiridwa ndi manja awiri, ndiponso kuti mwana wamasiye sagona ndi njala pamudzi pali anthu. Kukhulupirira Mulungu mmodzi nakonso sikungatisiyanitse, popeza Ayuda ndi Asilamu amagwiritsitsa mfundo imeneyi kolimba, ndipo agogo athu ankatchula Chauta, Namalenga ndi Chisumphi uthenga wa m'Baibulo usanamveke kuno.

Yankho lachiwiri, limene alaliki ambiri amalikonda, ndi la chisomo: amati zipembedzo zina zonse zimauza munthu kuti adzipulumutse yekha ndi ntchito zake, pamene Chikhristu chokha chimati chipulumutso ndi mphatso. Yankholi lili pafupi ndi choonadi kuposa loyamba lija, komabe liyenera kunenedwa mosamala. Ku Japan kunali mphunzitsi wa Chibuda dzina lake Shinran, amene anakhala ndi moyo kuyambira m'chaka cha 1173 mpaka 1263, ndipo iye ankaphunzitsa kuti munthu sangathe kudzimasula ndi khama lake, koma ayenera kungodalira lonjezo la Buda wotchedwa Amida. Kumwera kwa dziko la India, pakati pa Ahindu opembedza Vishnu, kunabuka mtsutso wakuti kodi Mulungu amapulumutsa munthu monga mmene mphaka amanyamulira mwana wake pakhosi, mwanayo osachitapo kanthu, kapena monga mwana wa nyani amene amayenera kukangamira pamimba pa mayi wake, ndipo gulu lina linasankha njira ya mphaka. Mu Korani, mwa masura 114, onse kupatula lachisanu ndi chinayi amayamba ndi kutchula Mulungu kuti ndi wachifundo chambiri ndi wachisoni. Choncho kunena kuti anthu ena onse sadziwa za chifundo cha Mulungu ndi kuwanamizira, ndipo Mkhristu amene amanena zotere pamaso pa Msilamu wophunzira amangodzichotsera ulemu.

Chimene chinandiimitsa kwambiri ndi chinthu chimene timachinena kawirikawiri m'tchalitchi mpaka tinaleka kuchimva. M'chivomerezo cha atumwi, komanso m'chivomerezo chimene chinakhazikitsidwa pa msonkhano wa ku Constantinople m'chaka cha 381, anthu otchulidwa maina ndi atatu okha: Yesu mwini, Mariya amayi ake, ndi Pontiyo Pilato. Petulo sakutchulidwa, Paulo sakutchulidwa, Mose ndi Abrahamu sakutchulidwa, koma bwanamkubwa wa Chiroma amene analamula Yudeya kuyambira cha m'ma 26 mpaka 36 ali pomwepo pakati pa mawu opatulika. Pilato si munthu wa m'nthano. M'chaka cha 1961 akatswiri ofukula zakale anapeza mwala ku Caesarea, m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, wolembedwa dzina lake ndi udindo wake, ndipo Tacitus, wolemba mbiri wa Chiroma amene sankawakonda konse Akhristu, analemba cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 100 kuti Khristu anaphedwa ndi Pilato mu ulamuliro wa mfumu Tiberius. Mpingo unaika dzina limeneli m'chivomerezo pofuna kunena kuti chipulumutso chimene ukulalikira chinachitika pamalo odziwika, m'zaka zodziwika, pansi pa boma lodziwika.

Apa pafunika chilungamo, chifukwa Chisilamu nacho ndi chipembedzo chozikika m'mbiri, ndipo zaka za Muhammad zimadziwika bwino, kuphatikizapo ulendo wake wochoka ku Mecca kupita ku Medina m'chaka cha 622 ndi imfa yake m'chaka cha 632. Kusiyana kuli pa malo amene munthuyo ali nawo m'chipembedzocho. Msilamu aliyense angakuuzeni kuti Muhammad ndi mthenga, ndipo chimene chili pakatikati ndi uthenga umene anabwera nawo, osati thupi lake kapena imfa yake. M'Chibuda, chiphunzitso chakale chimanena kuti choonadi cha mmene zinthu zilili chimakhalapobe kaya Buda abadwe kaya asabadwe, iye anangochitulukira ndi kuchionetsa. Koma Paulo, polembera mpingo wa ku Korinto, ananena poyera pa 1 Akorinto 15:14 kuti ngati Khristu sanauke kwa akufa, kulalikira kwa atumwi n'kwachabe ndipo chikhulupiriro cha okhulupirira n'chachabenso. Mukachotsa munthuyo ndi zimene zinamuchitikira, sipatsala chiphunzitso chimene chingaime pachokha n'kumatchedwabe Chikhristu.

Tsono chimene chinamuchitikira munthuyo n'chimene chimadabwitsa koposa. Ife tinabadwa mtanda uli kale padenga la tchalitchi ndi m'khosi mwa amayi a m'mabungwe a mpingo, choncho n'kovuta kuti timve manyazi amene unali nawo. Aroma ankapachika akapolo, achifwamba ndi anthu oukira boma, ndipo ankachita zimenezi m'mbali mwa misewu kuti odutsa aone ndi kuopa. Atagonjetsa akapolo amene anaukira motsogozedwa ndi Spartacus m'chaka cha 71 Khristu asanabadwe, anapachika anthu pafupifupi 6,000 m'mbali mwa msewu wochokera ku Capua kupita ku Rome. M'chaka cha 1968 ku Yerusalemu kunapezeka mafupa a munthu wina wopachikidwa m'nthawi ya ulamuliro wa Aroma, msomali wachitsulo udakali m'fupa la chidendene. Kwa Myuda manyaziwo anali owirikiza, pakuti Deuteronomo 21:23 amati wopachikidwa pamtengo ndi wotembereredwa ndi Mulungu. Ndiye chifukwa chake Paulo sanabise, pa 1 Akorinto 1:23, kuti uthenga wa Khristu wopachikidwa unali chokhumudwitsa kwa Ayuda ndi chopusa kwa anthu a mitundu ina. Pa khoma lina la pa phiri la Palatine mumzinda wa Rome kunapezeka m'chaka cha 1857 chojambula chakale chonyoza, chosonyeza munthu wa mutu wa bulu atapachikidwa pamtanda, pambali pake pataima munthu wina, ndipo mawu olembedwa pamenepo amati Alexamenos akupembedza mulungu wake. Umu ndi mmene anthu a m'nthawi imeneyo ankaonera chikhulupiriro chimenechi.

Anthu ofera choonadi alipo ambiri m'mbiri ya zipembedzo, ndipo imfa ya munthu wolungama payokha si chinthu chachilendo. Chachilendo ndi kunena kuti amene anafa imfa imeneyi ndi Mulungu mwini atakhala munthu. Mfundo imeneyi inali yolemera ngakhale kwa Akhristu oyambirira, moti ena anayesa kuipepukitsa. Panali ena amene ankati Yesu anangooneka ngati ali ndi thupi ndipo anangooneka ngati akumva zowawa, ndipo Ignatius, bishopu wa ku Antiokeya, anawatsutsa m'makalata amene analemba ali paulendo wopita kukaphedwa ku Rome. Pambuyo pake Arius wa ku Alexandria anatenga njira ina, nati Mwanayo ndi wolengedwa, wamkulu kuposa zolengedwa zonse koma wosafanana ndi Atate, ndipo msonkhano wa ku Nicaea wa m'chaka cha 325 unakana chiphunzitso chimenechi. Msonkhano wa ku Chalcedon wa m'chaka cha 451 unamanga mfundo yakuti Khristu ndi Mulungu weniweni ndiponso munthu weniweni mwa munthu mmodzi. Poyamba misonkhano imeneyi imaoneka ngati mikangano ya anthu ophunzira yopanda phindu kwa wokhulupirira wamba, koma ndikaiwerenga tsopano ndimaona kuti nthawi iliyonse mpingo unkakana njira yophweka imene ikanachotsa chokhumudwitsa chija.

Mpamene ndinayamba kumvetsa bwino anzathu Asilamu, amene ambiri a ife tinakula nawo limodzi ndi kuphunzira nawo sukulu imodzi. Iwo amamulemekeza kwambiri Yesu, amene amamutcha Isa. Korani imavomereza kuti anabadwa mwa namwali, ndipo sura ya 19 imatchedwa ndi dzina la amayi ake. Koma sura ya 4 ndime ya 157 imanena kuti sanamuphe ndipo sanamupachike, koma zinangooneka choncho kwa iwo, ndipo sura ya 112 imati Mulungu sabereka ndipo sanaberekedwe. Kukana kumeneku sikuchokera m'chidani, kukuchokera m'changu chofuna kuteteza ulemerero wa Mulungu, pakuti kwa Msilamu n'kosayenera kuti Wamphamvuyonse akhale ndi njala, atope, alavuliridwe malovu ndi kufa. Ndikuganiza kuti Msilamu amene akukana mtanda pa chifukwa chimenechi wamva kulemera kwake kuposa Mkhristu amene amauvala m'khosi koma osaima kuganizira zimene ukunena za Mulungu.

Ahindu amakhulupirira kuti Vishnu amatsika padziko m'maonekedwe osiyanasiyana, monga Rama ndi Krishna, nthawi iliyonse pamene chosalungama chachuluka. Kufanana kulipo ndithu, koma kutsika kumeneku kumachitika mobwerezabwereza ndipo cholinga chake chachikulu ndi kugonjetsa oipa, pamene Chikhristu chimanena za kubadwa kamodzi ndi imfa imodzi imene iyo yokha ndiyo njira ya chigonjetso.

Chitsanzo chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi cha kwathu konkuno, cha Mbona wa Amang'anja, amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Mbiri yapakamwa imati Mbona anali wodziwa kuitana mvula, anathawa adani amene ankamuchitira nsanje, ndipo pomaliza anagwidwa n'kudulidwa mutu wopanda mlandu, kenako mzimu wake unayamba kulankhula kwa anthu ndi kuwathandiza pa nthawi ya chilala. Wansembe wa Chikatolika wochokera ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene anafufuza za chipembedzo chimenechi kwa zaka zambiri m'chigwa cha Shire, anaona kuti anthu ena a kumeneko ankamufanizira Mbona ndi Yesu. Sindikudabwa nazo, chifukwa munthu wosalakwa wophedwa amene imfa yake imabweretsa moyo kwa anthu ake ndi chithunzi chimene Mkhristu sangalephere kuchizindikira. Komabe njira ziwirizi zikuloza kosiyana. Mbona anali munthu amene atafa anakwera n'kukhala mzimu waukulu woimira anthu pamaso pa Mulungu, ndipo Mulunguyo anakhalabe kumwamba kwake osakhudzidwa ndi mpeni. M'Chikhristu ndi Mulungu amene anatsika, ndipo misomali inalowa mwa iye mwini.

Kuuka kwa akufa nakonso kumafunika kukumvetsa moyenera, makamaka kwa ife. Mukanauza agogo athu akale kuti Yesu anafa koma adakali ndi moyo, iwo sakanadabwa, chifukwa ankadziwa kale kuti akufa amakhalapobe ngati mizimu, amabwera m'maloto, amakwiya akaiwalidwa ndipo amathiridwa nsembe. Chimene atumwi analalikira si chimenechi. Iwo anati manda anapezeka opanda mtembo, kuti woukayo anadya nsomba pamaso pawo, ndi kuti zipsera za misomali zinali zikadalipo m'manja mwake. Paulo atafika pa mfundo imeneyi ku Atene, Machitidwe 17:32 akuti ena anayamba kumuseka, pakuti Agiriki ambiri ophunzira akanalola kuti mzimu sufa, koma kuti thupi lidzauka zinali zopanda nzeru kwa iwo. Mu Chihindu ndi Chibuda cholinga ndi kumasuka ku unyolo wa kubadwa mobwerezabwereza, pamene chiyembekezo cha Chikhristu ndi chakuti thupi lomweli, limene limadwala malungo ndi kukalamba, lidzaukitsidwa n'kukonzedwa. Ayuda ambiri ndi Asilamu amayembekezeranso kuuka kwa akufa pa tsiku lomaliza, koma Akhristu okha ndiwo amati kuukako kunayamba kale mwa munthu mmodzi, mbiri ya dziko idakali pakati.

Mphunzitsi wathu anatichenjeza za chinthu chimodzi chimene ndikugwirizana nacho, chakuti kusiyana ndi ena si umboni wakuti chinthu ndi choona, popeza chipembedzo chilichonse chili ndi mfundo zake zimene sizipezeka kwina. Kusiyana kumangotionetsa pamene funso lenileni lagona, ndipo m'Chikhristu lagona pa zimene zinachitika ku Yerusalemu m'masiku a Pilato. Ntchito imene yatsala ndi kuyesa mboni. Kalata yoyamba ya kwa Akorinto inalembedwa cha m'ma 50, patangopita zaka pafupifupi makumi awiri kuchokera pa imfa ya Yesu, ndipo m'mutu 15 Paulo akunena kuti akupereka zimene iyenso analandira kwa ena, natchula Kefa (ndiye Petulo), atumwi khumi ndi awiri, abale oposa 500 amene ambiri a iwo anali akadali ndi moyo, ndiponso Yakobo. Mauthenga Abwino onse anayi amati oyamba kufika kumanda anali amayi, pa nthawi imene umboni wa mkazi sunkalemekezedwa pa milandu. Teremu ikubwerayi tiwerenga zimene akatswiri okayikira amanena pa mboni zimenezi, ndipo ndikufuna kuwawerenga mofatsa monga mmene ndawerengera Asilamu ndi Abuda.