Ulendo wathu wa ku Cape Town: aphungu amawayang'anira bwanji akazitape?

Tinanyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu Lolemba masana tili anthu 8: atolankhani atatu, maloya awiri, ndi ife atatu a m'mabungwe otsata ntchito za Nyumba ya Malamulo. Ndege tinasinthira ku Johannesburg, ndipo ku Cape Town tinafika usiku kukuwomba chimphepo chozizira chochokera kunyanja. Chimene tinapitira n'kukaona momwe aphungu a ku South Africa amayang'anira akazitape a boma lawo. Ndalemba izi kuti anzathu amene munatsala mumve zimene tinaona.

M'mawa mwake tinayenda wapansi kudutsa m'munda wa Company's Garden mpaka ku Nyumba ya Malamulo. Nyumba imene aphungu ankakumaniramo inapsa pa 2 Januwale 2022, ndipo tinangoionera kunja, itatchingidwa ndi mpanda wa omanga. Anatilandira mayi wina wachikulire amene wakhala akufufuza nkhani zachitetezo kwa zaka zambiri. Mawu awo oyamba anali otiuza kuti komiti imene tadzera sitiiona ikugwira ntchito, chifukwa imakumana chitseko chili chotseka, ndipo ngakhale phungu amene si membala salowamo.

Komitiyo ndi Joint Standing Committee on Intelligence. Inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1994, chaka chomwe ulamuliro watsankho unatha, anthu asanaiwale zimene apolisi achinsinsi ankawachita. Muli aphungu a zipani zosiyanasiyana ochokera m'zigawo zonse ziwiri za Nyumba ya Malamulo ya kumeneko. Ntchito yawo ndi kuunika akazitape a boma, komanso nthambi zaukazitape za apolisi ndi asilikali. Amaona momwe ndalama zayendera, amalandira lipoti la jaji amene amapereka chilolezo chomvetsera mafoni a anthu, kenako chaka ndi chaka amayenera kupereka lipoti lawo ku Nyumba yonse. Palinso mkulu woyendera ntchito za akazitape, amene nzika wamba ikhoza kukadandaulako. Ameneyu kuti asankhidwe pamafunika mavoti a magawo awiri mwa atatu a aphungu, n'cholinga choti chipani chimodzi chisangoikapo munthu wake.

Kunena zoona, pofika apa ine ndinali nditayamba kusirira. Koma loya wathu wamng'ono anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Mayi, phungu asanalowe m'komitimo, amamufufuza ndani kuti ndi woyenera kusunga chinsinsi?" Mayi aja anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Anati amene amafufuza ndi akazitape omwewo.

Funso limeneli tinakhalapo pafupifupi ola lathunthu, ndipo kwa ine ulendo wonse unagona pamenepa. Mlonda alipo ndithu, koma makiyi a chipata amasunga ndi amene akulonderedwayo. Phungu amadziwa zokhazo zimene wauzidwa, ndipo zimene wauzidwazo walumbira kuti sazitulutsa. Akanamizidwa m'chipindamo, alibe mtolankhani kapena katswiri wakunja woti am'funse. Izi zinaonekera poyera mu 2018, pamene Setlhomamaru Dintwe, amene anali mkulu woyendera uja, ankafufuza Arthur Fraser, mkulu wa State Security Agency, bungwe la akazitape a boma. Fraser analanda Dintwe chilolezo choonera zikalata zachinsinsi, moti Dintwe anachita kuthamangira kukhothi. Ndipo Dintwe asanalowe mu 2017, mpandowo unakhala wopanda munthu pafupifupi zaka ziwiri, aphungu akulephera kugwirizana.

Lachitatu tinacheza ndi atolankhani. Bambo wina wa imvi, amene anali m'Nyumbamo pa 12 Febuluwale 2015, anatifotokozera za madzulo amene Pulezidenti Jacob Zuma ankayembekezeka kulankhula ku mtundu. Atolankhani atakhala m'malo awo anapeza kuti mafoni onse alibe netiweki. Akazitape anali atabweretsa makina otsekera netiweki m'kati mwa Nyumba ya Malamulo momwe. Bamboyu anatulutsa foni yake n'kuikweza m'mwamba kutionetsa momwe anachitira iwo tsiku limenelo, akufuula kuti netiweki ibwerere, aphungu otsutsa nawo n'kuimirira kukana kuti mwambo upitirire. Netiweki inabwereradi. Nduna yoyang'anira akazitape, David Mahlobo, inadzati kunali kulakwitsa chabe, koma mu 2016 khothi la apilo linagamula kuti zimenezo zinali zosemphana ndi malamulo. Dzanja la bambo uja linkanjenjemera pang'ono akufotokoza, ngakhale papita zaka.

Zotsatira zake ambiri munazimva. State Security Agency inapangidwa mu 2009 pophatikiza bungwe loona zam'dziko ndi loona zakunja, mphamvu zonse n'kukhala m'manja amodzi. Mu 2018 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasankha gulu lotsogozedwa ndi Sydney Mufamadi kuti liunike bungweli, ndipo lipoti lake, lomwe linatuluka mu Malichi 2019, linati akazitape anasanduka chida cholimbirana mipando m'chipani cholamula. Komiti ya aphungu nayo linaidzudzula kuti siinaletse zimenezi. Mu Januwale 2021 mboni zinauza komishoni ya Jaji Raymond Zondo, yofufuza za katangale m'boma, za ndalama zankhaninkhani zimene zinkatuluka m'bungwemo zili kashi, popanda kulondoloza bwino. Mwezi wotsatira khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linapeza kuti lamulo lomvetsera mafoni silinkateteza anthu mokwanira, pa mlandu umene anakasuma atolankhani a amaBhungane. Chimene ndinaona ine n'chakuti zonsezi zinaululika kudzera kwa atolankhani, makhothi ndi makomishoni, pamene komiti yokhala ndi mphamvu zoitanitsa zikalata inalipo nthawi yonseyo.

Sindikunena kuti komitiyo ndi yopanda pake. Dintwe anatha kupita kukhothi chifukwa lamulo linamupatsa poimira, ndipo Mufamadi anali ndi muyeso woyezera kulakwako. Ndiponso ukazitape sungachitikire pabwalo, zina ziyenera kubisika. Koma phungu wa chipani cholamula akamaopa bwana wake kuposa momwe amaopera lumbiro lake, chitseko chotseka chija chimangothandiza kubisa manyazi.

Usiku womaliza tinadyera pamalo ena pafupi ndi doko, ndipo mnyamata amene ankatiperekera chakudya atamva tikulankhula anatipatsa moni m'Chichewa, kwawo ku Mangochi. Tili pomwepo mkulu wa gulu lathu, bambo amene anakula nthawi ya chipani chimodzi, anatikumbutsa za Meyi 1983. Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, nduna zitatu ndi phungu mmodzi, anagwidwa Nyumba ya Malamulo itangokumana ku Zomba, n'kukaphedwa ku Mwanza, mtundu n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. "Ana anga," anatero, "kwathu achitetezo anagwirapo aphungu ndi manja. Nkhani imeneyi musaiyese ya eni." Patebulo panakhala zii kwa kanthawi.

Ife tili ndi lamulo lokhazikitsa National Intelligence Service la mu 2017, komanso komiti ya aphungu yoona zachitetezo. Tisanakwere ndege yobwerera tinagwirizana kuti maloya athu awiri aliwerenge lamulolo ndime ndi ndime ali ndi funso la mnzathu uja m'manja: amene akuyang'anira akazitape, chilolezo amachitenga kwa ndani, ndipo ndani angamulande? Atolankhani afufuza ngati malipoti amene amayenera kufika kwa aphungu amafikadi pa nthawi yake. Ine anandipatsa ntchito yolemba kalata yopempha kukumana ndi wapampando wa komitiyo, ndipo ndidzaiwerenga pa msonkhano wathu wa mwezi wamawa kuti nonse muikepo ndemanga isanatumizidwe.