Phala lamadzimadzi silipanga magazi

Azimayi anzanga, nkhani ya kuchepa kwa magazi mwa makanda ku sikelo amaikamba inde, koma imadutsa mwaliwiro, anthu tili pamzere dzuwa likuswa mtengo, mwana akulira kumsana, ndiye chomwe timatolapo ndi nyimbo ija ya magulu sikisi a zakudya basi. Kufika kunyumba poto ndi yemwe uja, phala ndi lomwe lija.

Mwana amabadwa ndi ayironi, michere imene thupi limapangira magazi, amene anatenga kwa mayi ake ali m'mimba, nchifukwa chake anamwino amatikakamiza mapiritsi owonjezera magazi aja ngakhale amachititsa nseru komanso chimbudzi chimada. Ayironi ameneyu amamufikitsa mwana cha m'miyezi 6, ndipo nthawi imeneyi bere lokha ndi lokwana, osati madzi osati phala. Ikadutsa miyezi 6 nkhokwe ija yapita, mkaka wa m'mawere ayironi wake ndi wochepa, mwana naye akukula mothamanga. Kuyamwitsa kupitirire mpaka zaka ziwiri, koma magazi tsopano akudalira zomwe zili mu mbale.

Nde taonani zomwe timaika mu mbalemo. Ufa woyera, madzi ambirimbiri, shuga, mwina kamchere. Phala loti ukapendeketsa supuni likuyenderera lokha. Kamimba ka mwana ndi kakang'ono, kadzadza ndi madzi, iye wagona, ife tikuti wakhuta. Akayamba nsima timamunyowetsera mu msuzi, nsomba yeniyeniyo adya akuluakulu ati mwana angatsamwidwe ndi minga. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wotchedwa MDHS wa 2015-16 anapeza kuti ana 63 pa 100 aliwonse a miyezi 6 mpaka 59 kuno ku Malawi anali ndi magazi ochepa. Si onse chifukwa cha zakudya ayi, malungo ndi njoka za m'mimba nazo zimamaliza magazi, ndiye neti isamaiwalike, komanso mankhwala a njoka mwana akakwana chaka, koma mbali ya poto ili m'manja mwathu.

Ine chimene ndimachita ndi ichi. Bonya kapena usipa wouma ndimaukazinga pang'ono opanda mafuta, kusinja mu mtondo mitu ndi minga zonse, kusefa, kusunga mu kabotolo kouma bwino. Phala likhale la mgaiwa kapena likuni, lolimba loti likhale pa supuni, kuthiramo supuni ya ufa wa nsombawo, tsiku lina nsinjiro, tsiku lina dzira lophika bwino. Mukapha nkhuku chiwindi chija musamapereke kwa abambo mwachizolowezi, kachidutswa kophika nkuphwanya kamodzi pa sabata kamamuthandiza mwana kwambiri. Ayironi wa mu nyama ndi nsomba thupi limamutenga mosavuta kuposa wa mu nyemba, bonongwe kapena nkhwani. Zamasambazi ndi zabwinobe, kungoti zimafuna mnzake wa vitamini C, kaya madzi a lalanje, gwafa wochotsa njere, mango, papaya, ngakhale malambe.

Tiyi ndiye ayi ndithu. Ndimaona ana a miyezi 8 akumwetsedwa tiyi ndi sikono m'mawa, chonsecho tiyi amatchinga ayironi kuti asalowe bwino m'thupi. Mkaka wa ng'ombe nawo usakhale chakumwa chake asanakwane chaka. Ndipo zija zoti zakumwa zofiira za mu botolo zimawonjezera magazi, aaa, kufiira kwake ndi kala chabe.

Mwana wonenepa akhozanso kukhala ndi magazi ochepa, pamenepa ambiri timapusitsika. Muzimuyang'ana zikhatho, lilime ndi mkati mwa chikope cha mmunsi, ngati mwayera mbee, akufooka, sakufuna kudya kapena akupuma mothamanga, thamangani naye kuchipatala akamuyeze, osayamba kumuwiritsira masamba a mapeyala.

Pempho langa kwa alangizi a zaumoyo ndi loti uphunguwu usamathere kwa mayi yekha. Amene amagula ndiwo nthawi zambiri ndi bambo, amene amatsala ndi mwana mayi akapita kumunda kapena ku geni ndi agogo, ndipo agogo akanena kuti mazira si a ana, mtengwa sangawatsutse apongozi pakhomo pawo. Aitaneni nawonso tsiku lophunzitsa kuphika phala, abwere ndi mtondo, asinje okha bonyayo.