Tsiku limene nyemba zinalankhula pamsonkhano

Anayambitsa zonsezi ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 4. Ndinali nditakhala pampando ndikuonera mpira, iye n'kubwera kudzagunditsa khutu pamimba panga. Anamvetsera kwa kanthawi, kenako anadzutsa mutu n'kufunsa mwaulemu wake wonse kuti, "Adadi, mwanayu abadwa liti?" Mayi ake anathawira kukhitchini n'kutsegula mpopi, koma phwete lawo linkamveka ndithu.

Usiku womwewo ndinatenga tepi yoyezera nsalu. Mimba imayezedwa munthu ataimirira, atatulutsa mpweya bwinobwino, tepi itadutsa pakati pa nthiti yomalizira ndi fupa la m'chiuno, cha pamchombo. Ine ndinayamba ndayeza nditaikokera m'kati mpaka maso kutong'oka, n'kupeza 98. Nditaimasula kuti ikhale mmene Mulungu amaidziwira, tepi inati masentimita 104. Kutalika kwanga ndi masentimita 174, ndipo mimba siyenera kupitirira theka la kutalika kwa mwini wake, kutanthauza 87 kwa ine. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwamuna akadutsa 94 ayambe kusamala, akadutsa 102 ndiye kuti zafika poipa, pamene kwa akazi malire ake ndi 80 ndi 88. Sikelo nayo sinandinyengerere, inati makilogalamu 92.

Ndinadzipatsa masabata atatu oti sikisi paki, timinofu tisanu ndi kamodzi toonekera pamimba, ioneke. Mwezi wathunthu ndinaona kuti watalika.

Ndinayamba ndi ma sit-up 200 (kugona chagada n'kumadzutsa chifuwa) m'mawa uliwonse, n'kumwera madzi ofunda a mandimu amene mnzanga wina analumbira kuti amasungunula mafuta. Madzi a mandimu ndi madzi basi, kungoti ndi owawasa. Ma sit-up nawo anangondipatsa khosi louma, moti poyankha moni ndinkatembenuka thupi lonse. Thupi silichotsa mafuta pamalo pamene ukugwiritsa ntchito. Likaperewera chakudya limatapa mafuta m'thupi monse, ndipo koyambira ndi kothera kumatengera chibadwa cha munthu. Kwa amuna ambiri, pansi pa mchombo ndi pamene pamatsalira mpaka mapeto. Minofu ya sikisi paki aliyense ali nayo. Yanga inalimo, ikulimba tsiku ndi tsiku, itafunda bulangete. Mphamvu zimene ma sit-up 200 amawotcha, nthochi imodzi imabwezeretsa.

Nditaona kuti sizikuyenda, ndinasiyiratu mpunga, buledi, mbatata ndi chilichonse chokhutitsa. Pa masiku 6 sikelo inatsika ndi makilogalamu atatu. Ndinauza aliyense, ngakhale amene sanafunse. Chimene sindinauze anthu, poti nanenso sindinkachidziwa, n'chakuti thupi limasunga shuga wotchedwa glycogen m'minofu ndi m'chiwindi, pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo galamu iliyonse imagwira magalamu atatu a madzi. Ukasiya zokhutitsa, shuga ameneyu amatha, madzi ake n'kupita kuchimbudzi. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700 (kalori ndi muyezo wa mphamvu ya m'chakudya). Kuti nditaye makilogalamu atatu a mafuta enieni pa masiku 6, ndinafunika kuperewera makalori 3,850 patsiku, pamene thupi langa lonse limagwiritsa ntchito cha m'ma 2,600. Ndinkanyadira mkodzo.

Sabata yachiwiri sikelo inaima nji. Mayi a kunyumba, amene anali atandionerera mokwanira, anabweretsa kasikelo ka kukhitchini n'kunena kuti, "Bambo, tapani mtedza mmene mumatapiramo, muike apa." Dzanja langa linatapa magalamu 50. Magalamu 100 a mtedza ali ndi makalori pafupifupi 570, ndipo ine ndinkatapa kanayi patsiku ndikumati ndi chakudya cha thanzi. Amenewo ndi makalori opitirira 1,100 olowa ndikuyenda, osakhala n'komwe pansi. Anayezanso mafuta amene ndinkathira m'masamba mongoyerekeza ndi maso, n'kupeza masupuni aakulu asanu, pamene supuni imodzi ndi makalori 120. Galamu ya mafuta ili ndi makalori 9, ya shuga kapena ya puloteni ili ndi 4 okha. Mpunga umene ndinauthamangitsa ngati mbava unalibe mlandu waukulu.

Apa munthu wanzeru akanafatsa. Ine ndinapita pa intaneti.

Ndinawerenga zoona ndithu, zakuti munthu amene akuchepetsa thupi azidya mapuloteni okwana magalamu 1.6 mpaka 2.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, kuti atayeko mafuta koma minofu itsale, komanso kuti njala isamuvute. Kwa ine ndi magalamu pafupifupi 147 patsiku. Dzira limodzi lili ndi 6, magalamu 100 a chidali cha nkhuku chophika ali ndi 30, magalamu 100 a nyemba zophika ali ndi pafupifupi 9. Ndinasankha nyemba poti zilibe mafuta ambiri ndipo zimakhutitsa. Masamu anati ndidye makilogalamu 1.6. Ndinadzichitira chifundo n'kudya kilogalamu imodzi yokha, zosaviika chifukwa ndinali pachangu, n'kuwonjezera theka la kabichi wosaphika ndi mazira owiritsa asanu ndi limodzi. Limenelo linali Lachitatu madzulo.

Walira mvula walira matope. Munthu wamkulu amafunika faiba (mbali ya zomera imene thupi siligaya) wokwana magalamu 25 mpaka 30 patsiku. Matumbo anga anali atazolowera mwina theka la zimenezo, ndipo ine ndinawakhuthulira opitirira 60 usiku umodzi. M'nyemba mulinso shuga wina wotchedwa raffinose amene matumbo aang'ono a munthu sangathe kumugaya. Amadutsa wathunthu mpaka m'matumbo aakulu, kumene tizilombo tabwino timamusasitsa n'kupanga mpweya. Kabichi ndi mazira zili ndi safa. Mwachidule, nyemba zimapereka mawu, kabichi ndi mazira zimapereka fungo, ndipo ntchitoyi imatenga maola angapo kuti ifike pachimake.

Lachinayi m'mawa ndinawonjezera nzeru ina ya pa intaneti pomwepo. Ndinatenga pepala la pulasitiki lokulungira zakudya n'kudzizenga kasanu ndi katatu kuyambira pansi pa chifuwa mpaka m'chiuno, kuti mafuta atuluke ndi thukuta. Ndinavala malaya oyera ndi buluku lotuwa. Pagalasi ndinkaoneka ngati mnyamata. Kupuma kokha ndi kumene kunkavuta.

Tsiku limenelo ndinali ndi lipoti loti ndipereke pamaso pa anthu 12, kuphatikizapo bwana wamkulu amene amabwera kamodzi pa miyezi itatu. Chipinda chake n'chaching'ono, ndipo mawindo anali otseka, makatani otsitsa, kuti pulojekita izioneka bwino.

Pulasitiki ndi amene anayamba. Ndikangokweza dzanja kuloza pakhoma, ankati tswa tswa. Ulendo wachitatu bwana anayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti, "Amene akumasula switiyo agawireko anzake." Anthu anaseka, nanenso ndinaseka nawo, mkono nditaupanikiza m'nthiti. Kuyambira pamenepo ndinkaloza ndi chibwano.

Pofika tsamba lachisanu thukuta linali kamukamu. Pulasitiki salola thukuta kuuma, ndiye limangotsetsereka n'kukadikha pamene lamba wamanga. Ndinkalimva likukhuthukira uku ndi uku ndikasuntha, lofunda, ngati ndanyamula kathumba ka madzi.

Kenako nyemba zinadzuka. Poyamba zinangong'ung'udza chapansipansi, ngati njinga yamoto imene ikukana kulira. Mimba inafuna kufufuma koma pulasitiki anati ayi, ndipo mpweya ukasowa malo m'mbali umafunafuna khomo. Ndinafinya chilichonse chimene munthu angafinye. Ndinapitiriza kufotokoza manambala ndi mawu opyapyala, mapazi nditaphatikiza, ndikuyenda timasitepe ta mkwatibwi. Wachiwiri kwa bwana anafunsa ngati ndili bwino. Ndinati ndangokhudzidwa ndi mmene malonda atsikira.

Ndinaganiza zogwiritsa ntchito chifuwa. Nzeru yake ndi yakale: ukhosomole mwamphamvu, zinazo zidutse mobisala. Koma zimafunika kuti ziwirizi ziyambire limodzi n'kuthera limodzi. Chifuwa changa chinatha msanga. Chinacho chinapitirira chokha, chinakwera, chinatsika pang'ono, kenako chinamaliza ndi kamawu kokhala ngati funso.

M'chipinda munati zii. Mwamantha ndinagwetsa karimoti ka pulojekita, ndipo m'malo mokasiya pansi pomwepo, ndinawerama kuti ndikatole. Pulasitiki anang'ambika kumsana kuti phwaa, thukuta lonse la maola atatu n'kukhuthukira m'buluku lotuwa lija, kutsogolo, mpaka kudontha pansapato. Mimba imene inali m'ndende inatuluka yonse nthawi imodzi, batani la malaya n'kuuluka kukagwera m'kapu ya tiyi ya munthu wina.

Amayi ena achikulire a ku akaunti, amene pa zaka zonsezi sindinawamvepo akunena nthabwala, anavula magalasi, n'kuyang'ana madziwo, n'kuyang'ana mimbayo. Kenako anati, "Bwana, itanitsani galimoto msanga. Nsupa yasweka."

Bwana anayesetsa. Ndinaona nsagwada zawo zikunjenjemera. Koma kabichi ndi mazira zinali zitangofika kumene kumbali yawo ya tebulo, ndipo anangoti, "Tipume kaye mphindi khumi. Tsegulani mawindo onse. Ndi chitseko chomwe."

Kuchimbudzi ndinadula pulasitiki ndi kiyi wa galimoto. Khungu linali lofiira, lodzaza ndi timatuza toyabwa. Nditafika kunyumba ndinakwerabe pasikelo, poti chitsiru sichitaya mtima, ndipo ndinapeza kuti ndatsika ndi kilogalamu imodzi. Nditamwa mabotolo awiri a madzi inabwerera. Lita imodzi ya thukuta imalemera kilogalamu imodzi, ndipo kutuluka thukuta sikuchotsa mafuta a pamimba. Mafuta akawotchedwa m'thupi amasanduka madzi ndi mpweya wa carbon dioxide, ndipo gawo lalikulu limatuluka ndi mpweya ndithu, kungoti kudzera m'mphuno ndi m'kamwa, osati khomo limene ine ndinatsegula.

Loweruka kunabwera alamu anga, amene amaphunzitsa anthu ku jimu. Mlongo wawo anali atawafotokozera kale zonse, ndi mamvekedwe omwe. Atamaliza kupukuta misozi anatenga pepala. "Alamu, thupi lanu limadya 2,600. Muzilipatsa 2,100 kapena 2,200, osatsika kuposa pamenepo. Mukatsika kwambiri mutaya minofu, mudzuka usiku kukafwanthula m'mapoto, ndipo mubwerera pomwe munali." Kuperewera kwa 500 patsiku ndi pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata. Ndinati n'zochedwa. Anandifunsa ngati ndili ndi buluku lina lotuwa.

Mbale anaigawa chonchi: theka masamba, gawo limodzi mwa anayi nyama, nsomba, mazira kapena nyemba, gawo lotsalalo chokhutitsa chachikulu ngati chibakera changa. Mpunga unabwerera kwawo. Mapuloteni anati ndiziwagawa, magalamu 30 mpaka 40 pa chakudya chilichonse kanayi patsiku, kuchokera ku zinthu zosiyanasiyana. Mafuta ophikira aziyezedwa ndi supuni, ziwiri kapena zitatu tsiku lonse. Mtedza magalamu 30 m'kambale, thumba n'kulibisa. Pa zakumwa anakhalitsapo, chifukwa zimalowa osakhutitsa: chitini cha mamililita 330 cha chakumwa chotsekemera chili ndi shuga pafupifupi magalamu 35 ndi makalori 140, botolo la mowa la kukula komweko lili ndi makalori ofanana ndi amenewo, ndipo mowa ukalowa thupi limayamba lathana nawo kaye, mafuta n'kudikira.

Nyemba sanaziletse. Anati ziziviikidwa usiku wonse, madzi oviikirawo n'kutaya, ziphikidwe mpaka kufewa, ndiyambe ndi theka la kapu patsiku n'kumawonjezera pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena atatu, ndikumwa madzi okwanira. Matumbo amazolowera akapatsidwa nthawi. Anawonjezera kunyamula zitsulo katatu pa sabata, miyendo, msana ndi chifuwa, kuyenda pansi tsiku lililonse, ndi kugona maola osachepera 7, poti wosagona mokwanira amadzuka ndi njala yolusa. Sikelo ndizikwera m'mawa ndisanadye, katatu pa sabata, n'kuona pakati pake, chifukwa mchere wa dzulo wokha ungasunge madzi okwana kilogalamu. Tepi kamodzi pa sabata, osakokera mimba m'kati.

Lamba ndi amene anayamba kuchitira umboni. Mafuta a m'kati, ozinga matumbo ndi chiwindi, amene ndi oopsa kwambiri pa nkhani ya shuga ndi mtima, kawirikawiri amachoka msanga. Apansi pa khungu, amene umatha kuwatsina, ndi amene amabisa minofu ndipo ndi a makani. Kwa amuna ambiri mizere imayamba kuoneka mafuta a m'thupi akatsikira cha pakati pa 10 ndi 14 peresenti. Akazi mwachibadwa amakhala ndi ochulukirapo, ndipo akawatsitsa mopitirira muyezo msambo umasokonekera. Nditatsika ndi makilogalamu 8 sikelo inaimanso, alamu n'kuchotsako makalori ena pang'ono, chifukwa thupi likachepa limadyanso zochepa.

Masabata atatu aja anakhala miyezi 7. Ndinafika makilogalamu 77, mimba masentimita 84. M'mawa wina, nditaima chammbali pafupi ndi windo, ndisanadye, nditapuma mokoka pang'ono, ndinaiona. Ndinaitana banja lonse. Mwana uja anabwera n'kuyamba kuwerenga ndi chala: "Wani, thu, fili, folo." Anafufuza pansi pa mchombo, anayang'ana ndi kumsana komwe. "Adadi, ziwiri zina zili kuti?"

Alamu anati timizere topingasa timene timagawa mnofuwo munthu amabadwa nato, ena zimaoneka zinayi, ena zisanu ndi chimodzi, ena zisanu ndi zitatu, ndipo palibe chakudya chimene chingawonjezere. Zanga ndi zinayi, komanso zakumanzere zinakwera pang'ono kuposa zakumanja.

Ku ofesi palibe amene anazionapo. Amayi a ku akaunti aja, tikakumana pakhonde, amandigwira dzanja ndi manja awiri n'kufunsa mwachifundo kuti, "Nanga wakhanda akuyamwa bwino?" Ndipo ndikalowa m'chipinda cha misonkhano, amene ali pafupi ndi windo amadzuka yekha.