Wamwalira ndani?

Ntchito yanga kuno ku Cape Town ndi ya m'galadeni. Masiku atatu pa sabata ndimakhala panyumba ina ku Constantia, masiku enawo ndimayenda m'maganyu ku Claremont ndi ku Rondebosch. Marozi ndimawadziwa ngati ana anga. Kumapeto kwa Julaye ndimawadulira mpaka kutsala timitengo tomvetsa chisoni, n'kuwathira manyowa, ndipo pofika Okutobala mpanda wonse umakhala mbee ndi aja amawatchula kuti Iceberg. Lachisanu lililonse m'mamawa, dzuwa lisanakwere, ndimadula okwana ndowa imodzi n'kuwasiya pakhomo la kukhitchini, adona n'kumakawaika m'mabotolo awo agalasi. Ndachita zimenezi zaka 9. Koma kufikira chaka cha 2024, amayi anga ondibala anali asanalandirepo duwa ngakhale limodzi lochokera kwa ine.

Maluwa okhawo amene ndinagulapo kumudzi anali nkhata ya bambo. Anatisiya mu Januwale 2021, nthawi ija Covid inavuta kwambiri ku Malawi, ndipo kuno boma linali litatseka zipata za pamsewu, kuphatikizapo Beitbridge, mpaka pakati pa Febuluwale. Sindinapite. Ndinatumiza ndalama, mlongo wanga anagula nkhata kwa anyamata okhoma mabokosi, ndipo woyendetsa mwambo ataitana kuti nkhata ya mwana woyamba, anakaika ndi msuweni wanga. Ine ndinangoona chithunzi pa WhatsApp: maluwa apulasitiki oyera ndi ofiirira, kapepala kolembedwa dzina langa ndi cholembera chakuda, pambali pake nkhata zina zimene amayi a m'dera analuka ndi bougainvillea wa pampanda. Chithunzicho chikadali m'foni mwanga. Tsiku lina ndikudula marozi a adona chinandibwerera m'mutu, ndipo ndinadzifunsa kuti kodi amayi nawonso maluwa anga oyamba adzakhala a pamanda?

Kuno tsiku la amayi amalichita mu Meyi. Kwathu Tsiku la Anakubala ndi pa 15 Okutobala, ndipo limakhala holide. Chaka chilichonse ndinkachita zomwe aliyense wa ku Joni amachita: kutumiza ndalama pa Mukuru, mlongo wanga agule chitenje, shuga, mafuta ophikira ndi sopo, ine ndiimbe foni madzulo. Koma mu 2024 ndinati ayi, ndichite zachilendo.

Poyamba ndinaganiza zotumiza a kuno komwe. Loweruka lina ndinaima nthawi yaitali pamsika wa maluwa wa pa Adderley Street ndikuyang'ana maprotea, maluwa aakulu olimba aja omwe amauma osataya maonekedwe. Ndinafunsa mkulu wina amene amatinyamulira katundu wopita kumudzi, iye anangoseka. Anati achimwene, katundu wanu ayambe wafika ku Johannesburg, adikire galimoto idzaze, adutse Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Zobue, kenako Mwanza, ndiye mukufuna maluwa akhale pansi pa mafiriji ndi matilesi masiku onsewo? Anawonjeza kuti zomera pachipata zimafuna mapepala ake, iye safuna milandu. Ndinamva. Maluwa ayenera kugulidwa komweko ku Blantyre.

Kupeza wogulitsa sikunavute, chovuta chinali kudziwa woona. Ukalemba pa Facebook kuti ukufuna maluwa ku Blantyre, masamba amabwera ambirimbiri, ndipo ena zithunzi zawo zimachita kuonekeratu kuti anangozitapa pa intaneti. Ine wa m'galadeni sungandinamize ndi chithunzi cha maluwa a tulip ali pawindo, kunja kukugwa chipale chofewa, n'kumati ndi ku Nyambadwe. Amene ndinamusankha ndi mayi wina wokongoletsa malo a zikwati ndi zinkhoswe, amene mkazi wa mnzanga anamugwiritsapo ntchito. Ndinamupempha chinthu chimodzi: andijambulire kavidiyo ka maluwa amene ali nawo tsiku limenelo, dzanja lake likuoneka. Anatumiza. Anali m'zidebe za penti zodzaza madzi, pansi pa simenti, m'chipinda chotseka makatani. Nditaona kuti masamba a m'munsi anawachotsa kuti asavundire m'madzi, ndinadziwa kuti munthuyu ntchito akuidziwa.

Tinagwirizana marozi 12, oyera ndi ofiira, timasamba tobiriwira m'mbali, ndi kakhadi. Oyerawo ndinawasankha ndine, chifukwa ndi amene ndimawakonda kuno. Mtengo atautchula ndinayamba ndakhala pansi. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chinali chitakwera, koma sindinayembekezere kuti mtolo wokwana m'manja awiri ungayandikire mtengo wa thumba la chimanga. Ndinalipira theka pa Airtel Money, theka linalo tinati akafikitsa. Ya kabaza inali payokha.

Ndiye panabwera nkhani ya adiresi. Kuno ukalemba nambala ya nyumba ndi dzina la msewu, wobweretsa katundu amafika mpaka pageti osakuimbira. Amayi amakhala ku Chilomoni, kumtunda kwa msika wa Nthukwa, ndipo nyumba yawo ilibe nambala imene munthu angaione. Uthenga umene ndinatumiza unali wotere: mukapitirira msika mukhote kumanja pamene pali chigayo, mukwere mtunda ngati mukupita kuphiri la Michiru, mupeza mpopi wogulitsa madzi, mufunse nyumba ya agogo ogulitsa zitumbuwa, ya chitseko chobiriwira, kuseri kuli mtengo wa mapeyala. Mayi uja anayankha kuti, "Chigayo chake chiti, bambo? Zilipo ziwiri." Zaka zimene ndakhala kuno wina anamanga chigayo china, ine osadziwa. Tinamaliza n'kumupatsa nambala ya mlongo wanga.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinamuuza mlongo wanga kuti asawauze amayi kanthu. Ndinkafuna adzidzimuke, monga ndimaonera adona akamatsegula chitseko n'kupeza mtolo wochokera kwa mwana wawo wa ku London, manja pakamwa, misozi ya chimwemwe. Mlongo wanga anati, "Achimwene, mukudziwa amayi anu inu?" Ndinamuuza kuti angochita zimene ndanena.

Pa 15 Okutobala 2024 linali Lachiwiri. Kwathu holide, kuno ntchito ngati masiku onse. Cape Town ndi Blantyre nthawi yake ndi imodzi, choncho 10 koloko itakwana ndinkadziwa kuti njinga yanyamuka. Ndinali nditagwada ndikuzula udzu, foni m'thumba la ovolosi. Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake kuchokera kwa anthu atatu, ndipo aliyense amazikamba mwakemwake, koma mutu wake ndi umodzi.

Mlongo wanga atamulondolera wa kabaza pafoni, anathamangira kumsika kukagula tomato poganiza kuti abwerera msanga. Amayi anali pakhonde ndi anzawo awiri a Mvano, akusenda nthochi za zitumbuwa. Njinga yamoto inaima pabwalo. Anatsika mnyamata wachilendo, wovula chipewa mwaulemu, atanyamula maluwa oyera m'manja onse awiri, n'kufunsa ngati pano ndi pa amayi ake a bambo amene ali ku Joni.

Tangoganizani. Mayi wa zaka 68, mwana wake ali kudziko kumene timamva za anzathu obwera m'bokosi, ndiye pakhomo pafika mlendo ndi maluwa oyera akutchula mwanayo. Amayi anasiya mpeni, anatsetsereka kuchoka pampando n'kukhala pansi, miyendo tambalale. Anangofunsa mawu awiri: "Wamwalira ndani?" Mmodzi wa anzawo aja sanadikire yankho, anayamba kulira mokweza, ndipo ku Chilomoni kulira kwa mayi mmodzi sikuchedwa kuitana ena. Mnyamata wa kabaza, amene mpaka lero ndimamumvera chisoni, akuti ankangobwereza kuti, "Ayi agogo, ndi mphatso, ndi mphatso iyi," koma ndani akanamumva. Anatulutsa kakhadi, amayi magalasi awo ali m'nyumba. Anachita kuwerenga ndi mwana wa sitandade 6 wa nyumba yoyandikana: Amayi, zikomo pondibala ndi kundilera. Mnzawo wina akuti anati mawu amenewo akumveka ngati otsanzika.

Foni yanga inalira. Ndinaiyankha ndi manja a dothi, ndikumwetulira, kudikira zikomo.

"Ndiwe?"

"Ndine, amayi. Mwalandira?"

"Lankhulanso."

Ndinalankhula. Kunali zii kwa kanthawi, kenako ndinamva akuuza anthu kuti ali moyo, ndi yemweyu, ali moyo. Zimene zinatsatira sindingazilembe zonse. Anandifunsa ngati ndinapita ku Joni kukaphunzira kupha makolo ndi mtima. Anandifunsa kuti ndinaona liti munthu wamoyo akulandira maluwa pakhomo pake ngati si mkwatibwi. Ndinayesa kufotokoza kuti masiku ano ku Blantyre komweko achinyamata amatumizirana maluwa pa Valentine, pa tsiku lobadwa, pomaliza maphunziro, ndipo ena amachita kukulunga ndalama ngati maluwa. Anati iwo si achinyamata. Atamva mtengo wake kwa mlongo wanga, amene anafika anthu atadzaza kale pabwalo, anandiimbiranso kachiwiri kuti andiuze kuti ndalama imeneyo akanadya mwezi wathunthu.

Sindikuwaimba mlandu. Munthu wa msinkhu wawo maluwa odula anawaona malo atatu: kuguwa kutchalitchi, m'manja mwa mkwatibwi, ndi pamanda. Pa malo atatuwo, amene angakutsatire kunyumba popanda chenjezo ndi amodzi okha. Ine ndinatenga mwambo wa ku Constantia n'kuutula pakhonde la ku Chilomoni osaumasulira, ndipo mwa mitundu yonse ndinasankha woyera. Mayi wogulitsa uja nditamufotokozera anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati akanadziwa kuti ndi agogo akanandiuza kuti ndiyambe ndaimba foni. Akuti si koyamba.

Madzulo ake mtima utatsika, mlongo wanga ananditumizira chithunzi. Maluwa anali mu jagi ya pulasitiki imene timamwera thobwa, patebulo la pabalaza, pansi pake atayalapo kansalu koluka kamene amayi amakatulutsa pa Khirisimasi pokha. Okutobala wa ku Blantyre mukumudziwa, nyumba ya malata masana imasanduka uvuni. Ndinawauza zimene ndimachita kuno: adule kunsi kwa tsinde lililonse mopendeketsa ndi mpeni wakuthwa, achotse tsamba lililonse lomira, asinthe madzi tsiku ndi tsiku, athiremo shuga pang'ono ndi kadontho ka Jik, ndipo jagi ikhale kutali ndi windo. Za shugazo amayi anakana. Anati duwa silimwa tiyi.

Lachinayi, mlongo wanga anandiuza monong'ona kuti jagi yapita kutchalitchi. Amayi anainyamula okha, atavala yunifomu yawo ya Mvano, kutsika mtunda wonse uja, ndipo aliyense wofunsa ankamuuza kuti atumiza ndi mwana wanga wa ku Cape Town, ndi ntchito yake imeneyi, amalima maluwa a azungu. Kwa ine sananene chilichonse cha izi. Nditaimba Lamlungu anangoti maluwa ako aja ayamba kugwa, ndalama zapita.

Kenako anafunsa ngati timitengo take tingamere.

Ndinawauza zoona, kuti marozi ogula kawirikawiri sagwira, makamaka atakhala m'madzi sabata yathunthu kunja kukutentha chonchi. Koma ndinawafotokozerabe: asankhe tsinde lonenepa ngati pensulo, lokhala ndi maso atatu kapena anayi, adule mutu wa duwa, alizike mumchenga wosakaniza ndi dothi la kudzala, avindikire ndi botolo lodula, aike pamthunzi wa mtengo wa mapeyala, ndipo dothi lisaume komanso lisachite matope. Anazika onse 12 m'zigubu zakale za mafuta ophikira. Ambiri anada n'kuuma mwezi usanathe. Awiri anafukulidwa ndi nkhuku. Mvula itayamba, chigubu chimodzi chinatulutsa timasamba tofiirira.

Chaka cha 2025 ndinatumizanso, kwa mayi yemwe uja, wa kabaza yemwe uja, amene tsopano njira akuidziwa ndipo amayi amamutchula kuti mdzukulu. Ndinaimba foni dzulo lake, ndinaimbanso m'mawa. Ndinasankha achikasu ndi ofiira, woyera ngakhale mmodzi ayi, ndipo mtolo unali wocheperapo chifukwa kumbuyo kwa njinga kunali chitenje, shuga ndi mafuta. Amayi analandira ataima. Anati chitenje n'chabwino, maluwa ndawononganso ndalama.

Rozi la m'chigubu lija analiwokera pafupi ndi khonde, n'kulitchinga ndi njerwa ndi minga chifukwa cha mbuzi za aneba. Linatulutsa duwa loyamba, ndipo mwa onse 12 aja, logwira linakhala loyera. Sabata yatha anandiimbira ndili pa basi kuchokera ku Wynberg. Akuti lakula mosalongosoka, nthambi imodzi yatalika kufika pawindo, ndiye ndiwauze mwezi wodulira ndi podula pake. Ndinayamba kufotokoza, anandidula mawu. Anati pafoni sakumva bwino, ndidzawaonetse ndi manja ndikabwera mu Julaye, ndipo ndisaiwale sizasi yanga ija.