Botolo langa litanunkha thobwa

Botolo limeneli anandisiyira mlendo wina amene ndinamuperekeza ku Sapitwa. Ndi lachitsulo, limalowa lita imodzi, ndipo chitsekero chake ndi chapulasitiki chokhala ndi kamphira mkati. Kwa ife operekeza alendo m'phiri la Mulanje, botolo ndi katundu woyamba kulowa m'chikwama. Ukanyamuka pa Likhubula kulowera ku Chambe, thukuta limayamba kuyenderera usanafike ndi pakati pomwe.

Tsiku lina mayi a kunyumba anafulula thobwa lokoma, ine n'kudzaza m'botolo muja. Ndinamwako theka panjira, pobwera ndinangoponya chikwama pakona n'kuiwala. Panapita masiku anayi. Potsekula linangoti phwii! ngati ndatsekula chibuku, fungo n'kudzaza nyumba yonse. Ndinatsuka ndi sopo kawiri, kuthira madzi, kulawa: madzi owawasa, onunkha chimera. Ndinayambanso kachitatu, chimodzimodzi.

"Abambo, mwayang'ana pansi pa kamphirako?" anafunsa mayi a kunyumba ali pamtondo.

Sindinadziwe n'komwe kuti kamphira kaja kamachoka. Ndinatenga supuni, n'kulowetsa chakumchira kwake m'mphepete, pang'onopang'ono kuti kasang'ambike. Katatuluka ndinachita manyazi. Mumzere momwe kamakhala munali zoterera zakuda ngati mwaye wonyowa, ndipo kamphirako kanali ndi timadontho takuda kuzungulira konse. Nkhungu ya chiperoni yomwe imaphimba minda ya tiyi timaidziwa tonse kuno, koma iyi inali nkhungu ina, ya pachimanga chovunda. Zinthu zimenezi sizinayambe ndi thobwa la masiku anayi ayi. Ndinkamwera pomwepo miyezi yonseyi, n'kumadzitama kuti ndimamwa madzi a m'phiri.

Ndiye ndinayambira pa chitsekero. Ndinatenga mswachi wakale, ndinauviika kaye m'madzi owira, n'kupaka sopo n'kukwecha mizere yonse, kamphira, ndi kukamwa kwa botolo komwe milomo imakhudza. Apa m'pofunika kufatsa. Malovu ndi tizidutswa ta chakudya zimatsalira m'mizere imeneyi, ndipo malo ake sauma, n'chifukwa chake tizilombo timaswana momwemo.

Mkati dzanja silifika, chinkhupule nachonso chimathera pakhosi. Anzanga ena amathiramo mchenga wa kumtsinje n'kukhutchumula. Umayeretsa ndithu, koma ine sindiufuna: umakanda, makamaka botolo likakhala lapulasitiki, ndipo litsiro limadzabisala m'mikwingwirima yomweyo. Ndinathira kampunga kosaphika kodzaza chikhatho, madzi ofunda pang'ono ndi thovu la sopo, kutseka, n'kukhutchumula mpaka mkono kuwawa. Madzi anatuluka otuwa ngati otsukira mbale za phala.

Fungo linatsalabe pang'ono. Mayi a kunyumba anatenga soda yemwe amathira m'therere, supuni imodzi yaikulu, n'kusungunula m'madzi ofunda odzaza botolo. Kamphira ndi chitsekero tinaviika m'kapu, m'madzi a soda omwewo. Zinagona choncho usiku wonse. M'mawa ndinakhuthula, kutsukuluza katatu, kenako kuthiramo madzi owira kumene n'kudikira kanthawi. Izi ndinachita chifukwa langa ndi lachitsulo. Timabotolo topyapyala togulira zakumwa tija tikakumana ndi madzi owira timakwinyika ngati nkhope ya agogo, ndiye musayese.

Madzi otsukuluzira nawonso ndi nkhani. Ukatsuka bwinobwino kenako n'kutsukuluza ndi madzi a pachitsime chosatetezedwa, wabweza matenda momwe unawachotsa. Ife tinaphunzira ndi misozi nthawi ya kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, komanso namondwe wa Freddy atagumula zimbudzi ndi mipope kuno mu Malichi 2023. Kuyambira pamenepo ndowa yakumwa kwathu imathiridwa klorini monga alangizi a zaumoyo anatiuzira, n'kudikira mphindi 30 tisanatunge. Madzi a m'ndowa imeneyo ndi amene ndimatsukuluzira. Koma klorini wamphamvu wosasungunula sindimugoneka m'botolo lachitsulo, amadya chitsulo. Ndipo asakumane ndi viniga kapena mandimu, mpweya wotuluka pamenepo ndi woopsa.

Chomwe chinandivuta kwenikweni ndi kuyanika. Unali mwezi wa Julayi, chiperoni chitagwira masiku atatu dzuwa osaoneka. Ndinavundikira botolo pathandala, madzulo mkati munali mame okhaokha. Ndinazindikira kuti ndikaliimika chozondoka kukamwa kutagunda thabwa, mpweya sulowa. Ndinalisomeka pakamtengo kosongoka ka thandala kuti likhale chopendekeka, ndipo usiku ndinalilowetsa kukhitchini chapatali ndi moto. Kamphira ndinakapachika pamsomali pakokha. Ndinabwezera zonse zitauma gwa.

Masiku ano ndikangofika kuchokera kuphiri, ndisanavule ndi nsapato zomwe, ndimakhuthula botolo, kutsuka ndi sopo, kulisiya chotsekula. Loweruka ndimachotsa kamphira n'kudutsitsa mswachi. Soda ndi wa kamodzi pamwezi, kapena mphuno ikandiuza. Alendo akapempha kumwera botolo langa ndimawathirira m'kapu, ena amadabwa, koma ndimangoseka.

Thobwa sindinasiye, lili ndi kachigubu kake kotsekula kukamwa komwe dzanja la mwana wanga limalowa. Timadontho tiwiri pakamphira paja tinakana kuchoka, ndipo kayamba kutamuka moti botolo likagona chammbali m'chikwama limadontha. Ndafunsa kale m'magolosale awiri pa Chitakale, sanapezeke kolingana, ndiye ndikayesa ku Limbe mwezi ukatha.