Imelo ikagwera mu spam, ine ndimayambira ku DNS

Maimelo akayamba kugwera mu spam, ambiri amathamangira kusintha mawu a pamutu. Ine sindiyambira kumeneko. Ndimadzitumizira imelo ku Gmail kuchokera ku adiresi yomwe ili ndi vutoyo, n'kutsegula "Show original", kenako n'kuyang'ana mizere itatu: SPF, DKIM ndi DMARC. Pamene palembedwa FAIL, vuto lili pomwepo.

Kawirikawiri wolakwa amakhala SPF. Umenewu ndi mndandanda wa maseva ololedwa kutumiza makalata m'dzina la domain yanu (dzina lobwera pambuyo pa @ mu adiresi ya imelo), ndipo umakhala mu DNS, kaundula wa pa intaneti wosunga zambiri za domain iliyonse. Domain imodzi imafuna SPF imodzi basi. Munthu akalembetsa ku kampani ina yotumizira makalata n'kuwonjezera SPF yachiwiri, zonse ziwiri zimasiya kugwira ntchito. Ziphatikizeni zikhale mzere umodzi, koma ma lookup (maulendo amene seva yolandira imafunsa DNS poyang'ana SPF yanu) asapitirire 10.

DKIM ndi siginecha ya imelo, ingoiyatsani. DMARC ndi lamulo louza maseva olandira chochita ndi imelo imene yalephera SPF ndi DKIM. Yambani ndi p=none (kutanthauza kuti asachitepo kanthu), muyambe mwawerenga malipoti ake musanakhwimitse.

Nanga zonse zikalemba PASS koma imelo n'kumagwerabe? Apo mwina ndiye kuti olandira akudina batani la spam. Kuyambira February 2024, Gmail imafuna kuti madandaulo otere asafike 0.3% ya maimelo anu. Ngati munagula mndandanda wa maadiresi a imelo, ufufuteni, chonde. Anthu amenewo sakukudziwani, ndipo ndi omwe akudinawo.